Matenda a Shuga Sadikira Kuti Ena Ayambe Apola

Odwala ambiri amene abwera m'zipatala zathu kuno kum'mawa masiku ano sabwera ndi nthenda imodzi ai. Munthu mmodzi yemweyo apezeka ali ndi khadi la ku ART, khadi la TB, kabuku ka BP ndiponso kabuku ka shuga. Codetsa nkhawa ndi cakuti pa zonsezi, kabuku ka shuga ndiko kamatsalira pansi pa cola. Wodwala anena kuti ayambe watsiriza mankhwala a cifuwa, za shuga adzaziona pambuyo, ndipo acibale avomereza. Ine ndinena kuti maganizo otere ndi olakwika, ndipo atayitsa anthu maso, miyendo ndi moyo umene.

Vutoli si la anthu ocepa. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unacita m'caka ca 2017 anapeza kuti pa akulu 100 alionse m'Zambia, pafupifupi 6 anali ndi shuga wokwera m'magazi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu anali ndi BP yokwera. Pakuti anthu akumwa ma ARV tsopano akhala ndi moyo kufikira ukalamba, matenda awa akumana m'thupi limodzi kawirikawiri.

Tiyeni tione cifukwa cake shuga sangaikidwe pambali. Shuga akacuruka m'magazi, asilikali a m'thupi afooka. Motero munthu wa shuga adwala TB mosavuta, pafupifupi katatu kuposa mnzake amene alibe shuga, ndiponso acira mocedwa, kapena TB imbwereranso atatsiriza mankhwala. Nayonso TB, monga nthenda iriyonse yaikulu, ikweza shuga. Matenda awiriwa ali ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi: ina ikagona, inzake siyenda. Ndi mmenenso ziriri ndi impso. Shuga aononga timitsempha tating'ono ta mu impso, BP itsiriza, ndipo wodwala samva kuwawa kulikonse mpaka miyendo ndi nkhope zitayamba kutupa. Miyezi 6 ya mankhwala a TB ndi nthawi yaitali yoti shuga angoyenda yekha wopanda womuweta.

Nkhani yaciwiri ndi ya mankhwala, pakuti mankhwala amakangana m'thupi. Rifampicin, uja wa TB amene afiiritsa mkodzo, acititsa ciwindi kutaya msanga mapiritsi a shuga monga glibenclamide, kotero kuti mlingo umene unali kukwanira kale sukwaniranso. Dolutegravir, amene ali m'piritsi la TLD la odwala HIV, acita zosiyana ndi izi: acurukitsa metformin m'magazi, ndiye cifukwa cake mlingo wa metformin ufunika kuupenda bwino, makamaka ukapitirira 1,000 mg pa tsiku. Kwa ena piritsili lionjezera thupi ndipo shuga akwera. Prednisolone, amene tipatsa odwala cifuwa ca asthma ndi matenda ena otupa, akweza shuga kwambiri, makamaka masana ndi madzulo. Quinine atsitsa shuga. Ndipo impso zikafooka kwambiri metformin ayenera kucepetsedwa kapena kuimitsidwa, pamene glibenclamide akhalitsa m'thupi nagwetsa shuga moopsa. Brufen ndi diclofenac amene anthu agula pa kantemba cifukwa ca msana aonjezera kupweteka impso zomwezo.

Sindilemba izi kuti munthu aleke mankhwala ake. Ma ARV ndi mankhwala a TB ndiwo asunga moyo wanu, ndipo kuwadukiza ndi kudziitanira imfa. Cimene ndinena ndi cakuti amene akulemberani mankhwala a shuga adziwe zonse zimene mukumwa, kuti asinthe mlingo. Odwala ena abisa khadi la ku ART akabwera ku kiliniki ya shuga cifukwa ca manyazi. Manyazi otere apha. Enanso ayenera kubaya insulin pa miyezi ya TB yokha, pambuyo pake nabwerera ku mapiritsi. Nyeleti ya insulin si cizindikiro cakuti munthu watha ai.

Tsopano za cakudya. Wodwala TB akaonda, acibale amufunira zabwino: ambweretsera Fanta, maheu, mabanzi, thobwa wothira shuga ndi nzimbe kuti thupi libwerere. Cikondi cimeneci cionda naye wodwala, pakuti shuga akakwera, mphamvu ya cakudya itayika mu mkodzo ndipo munthu apitirira kuonda ngakhale adye motani. Comanga thupi ndi nyemba, nshawa, mazira, kapenta, nkhuku ndi ndiwo zamasamba monga bondwe, nkhwani, repu ndi therere. Nsima musaleke, koma ikhale ya mgaiwa, mtanda umodzi wolingana ndi nkhonya yanu, ndipo ndiwo zicuruke kuposa nsima. Idyani katatu pa tsiku pa nthawi yake, osati kukhala ndi njala tsiku lonse ndi kudzakhuta usiku. Nyengo ya mango idyani limodzi laling'ono, osati beseni. Mcere usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi pa tsiku. Koma amene impso zawo zafooka afunse ku cipatala za cakudya cawo, pakuti malangizo awo asiyanako. Mowa, makamaka kacasu, ndi fodya zisiyeni.

Pali ena, ngakhale pakati pa ife anchito ya zaumoyo, amene afuna kuti shuga wa wodwala aliyense atsike msanga kufika pa nambala ya munthu wabwinobwino. Apanso sindivomereza. Kwa odwala ambiri tifuna shuga wa m'mawa asanadye akhale pakati pa 4 ndi 7. Koma agogo a zaka 75, amene ali ndi mtima wofooka, impso zotopa, ndipo nthawi zina agona osadya, ndi bwino nambala yawo ikhale yokwererako pang'ono kusiyana ndi kuwagwetsa. Shuga akatsika pansi pa 4 munthu anjenjemera, atuluka thukuta, amva njala ndi cizungulire, ayankhula zosokonekera ngati woledzera. Pamenepo mpatseni timasupuni titatu ta shuga m'madzi, pambuyo pake adye. Ngati wakomoka musamwetse kanthu, thamangirani naye ku cipatala. Kubweza shuga m'malo mwake ndi nchito ya masabata ndi miyezi. Akulu anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Mlandu suli kwa odwala okha. Munthu wa kumudzi amene tamuuza kubwera Lolemba ku ART, Lacitatu ku TB ndi Lacisanu la sabata yamawa ku shuga, pamene ulendo ulionse ufuna ndalama ya galimoto kapena njinga, adzasankha ulendo umodzi. Adzasankha kumene mankhwala sasowa ndiponso kumene amamulondola akajomba. Kucokera pamene boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere m'caka ca 2005, taphunzira kusunga kaundula, kutumiza alangizi m'midzi, ndi kupatsa wodwala mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi. Nzeru zomwezi zitumikire odwala shuga ndi BP. Bungwe la WHO linalangiza kale m'caka ca 2011 kuti odwala TB azipimidwa shuga, ndi odwala shuga azifufuzidwa TB. Anzanga ena adzati anchito ndi ocepa ndipo timapepala topimira shuga timatha. Zoonadi. Koma kuona munthu kamodzi pa matenda ake onse kucepetsa mizere, ndipo kapepala kamodzi kopimira ndi kochipa kuposa kudula mwendo kapena kutumiza munthu ku makina otsuka impso.

Pamene tidikira kuti zimenezi zikonzeke, inu odwala ndi osamalira odwala citani izi:

1. Ikani mankhwala onse m'cola cimodzi, pamodzi ndi a zitsamba ndi ogula kusitolo, ndipo muwaonetse pa ulendo ulionse wa ku cipatala.

2. Khalani ndi kabuku kamodzi kolembamo shuga, BP, sikelo ndi tsiku limene mankhwala asinthidwa.

3. Mukayamba kapena kutsiriza mankhwala a TB kapena prednisolone, pemphani kupimidwa shuga m'masabata oyamba.

4. Pemphani kupimidwa impso ndi maso kamodzi pa caka.

5. Yang'anani mapazi tsiku ndi tsiku, ndipo musayende opanda nsapato. Shuga ndi isoniazid wa TB zonse zicititsa dzanzi, motero imwani kapiritsi ka vitamini B6 kamene mwapatsidwa.

6. Mukayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, kapena kukodza kwambiri ndi ludzu losatha, bwerani tsiku lomwelo. Musaleke insulin mwa inu nokha cifukwa cakuti simukudya.

7. Yendani kapena gwirani kanchito kopepuka mphindi 30 pa tsiku monga mphamvu zilolera.

Ngati shuga wanu anasokonekera pamene munali kulimbana ndi nthenda ina, musacite manyazi kubwerera ku kiliniki poopa kukalipiridwa. Tulutsani kabuku kaja pansi pa cola, mubwere nako sabata ino, tiyambire pamene mwafika.