Magetsi adzuwa asamangotidutsa pamutu

Mkonzi,

Ndiloleni malo pang'ono m'nyuzipepala yathuyi kuti nane ndiikepo mlomo pa nkhani ya magetsi adzuwa imene atsogoleri akhala akuikamba pawailesi ndi m'misonkhano.

Poyamba ndiyamike. Ife a kuno ku Chipoka tili pakati pa malo awiri akuluakulu opangira magetsi kuchokera ku dzuwa. Kumpoto kwathu, ku Nanjoka kufupi ndi pa boma pa Salima, kampani ya JCM idayala masola opanga mamegawati 60, ndipo malowa adatsegulidwa mu 2021 ndi mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera. Kumwera, pa Golomoti m'boma la Dedza, pali ena a mamegawati 20 amene adayamba ntchito mu 2022. Amenewa ali ndi mabatire osungira mphamvu kuti izithandiza dzuwa likalowa.

Boma lidaganiza bwino, ndipo chifukwa chake ife a m'mbali mwa nyanja timachidziwa kuposa wina aliyense. Chiyambire 1966 pamene makina a pa Nkula adayamba kugwira ntchito, pafupifupi magetsi onse a dziko lino akhala akuchokera mu mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Magetsi amadzi nawonso alibe utsi, koma Shire amamwa m'nyanja yathu yomweyi. Madzi atatsika m'zaka za 2016 ndi 2017, dziko lidakhala mumdima mpaka boma lidachita kubwereka majenereta adizilo okwera mtengo mu 2018. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo adadzayambanso ntchito mu 2023. Pa nthawi yovutayo masola a ku Salima ndi Golomoti adachepetsako mdima. Choncho madzi akachepa tsoka, akachuluka tsoka; kuonjezerapo dzuwa ndi nzeru.

Koma Mkonzi, akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Magetsi a ku Nanjoka amagulidwa ndi ESCOM n'kulowa m'nthambo zikuluzikulu zopita m'mizinda. Munthu wa kwa Ndindi amene nyumba yake ili kutali ndi thiransifoma amangoona nthambozo zikumudutsa pamutu, iye akuunikira tochi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, 11 zokha ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali za m'tauni. Ndondomeko ya MAREP yafikitsa mapolo m'malo ambiri ochitira malonda, koma polo pamsika si getsi m'nyumba. Ndalama yoyalira nthambo m'nyumba ndi yolumikizira imamukanika mlimi wampunga kapena msodzi amene amadalira usipa wa tsiku limenelo.

Chachiwiri, ndiponso chachikulu, ndi kukhitchini. Kalembera yemweyo adaonetsa kuti nyumba zoposa 90 mwa 100 zilizonse zinkaphikira nkhuni kapena makala. Sola yaing'ono yapadenga imayatsa babu ndi kutchaja foni, koma siphika nyemba, siwamba utaka. Nchifukwa chake njinga za makala sizikutha pamsewu wa M5, ndipo mapiri a pakati pa Dedza ndi Salima akunka nayera. Mitengo ikatha, mitsinje ngati Linthipe imakokolola dothi n'kudzalithira m'nyanja momwe nsomba zimaswerana. Kumwera nako, dothi lochokera m'mapiri ometedwa ndilo limadzaza madamu a mu Shire n'kufooketsa makina. Ndiye kuti nkhwangwa imodzimodziyo ikutilanda ndiwo ndi magetsi omwe. Lamulo la zankhalango adalikhwimitsa mu 2020, koma kulanda thumba la makala osamupatsa mayi china chophikira kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Tsono pempho langa lili patatu.

Kwa a boma, aphungu ndi makhansala ndikuti, midzi yakutali ndi nthambo musaidikiritse. Ku Mthembanji m'boma la Dedza, kufupi konkuno, anthu adayamba kulandira magetsi mu 2020 kuchokera ku masola a mudzi wawo womwewo, popanda kulumikiza ku nthambo za ESCOM. Zoterezi zikhoza kutheka m'madooko athu, kumene asodzi akufuna malo otchajira mabatire a nyali za usipa ndi mafiriji osungira chambo kuti asamagulitse motaya. Kumene nthambo zidafika kale, lolani anthu azilipira ndalama yolumikizira pang'onopang'ono. Mtengo wa gasi ndi mbaula zosatha nkhuni nawonso uganiziridwe, chifukwa nkhondo ya mitengo ili pamafuwa.

Kwa a bungwe la MERA ndi a Malawi Bureau of Standards ndikuti, tayenderani misika yakumidzi. Masola ndi mabatire achinyengo alipo. Munthu akagulitsa mbuzi n'kugula batire lofa pakangotha miyezi itatu, mudzi wonse umati zasola n'zabodza.

Kwa inu abusa, ansembe ndi mashehe, pamodzi ndi mafumu athu, anthu amakumverani kuposa momwe amamverera wailesi. Denga la tchalitchi, la mzikiti kapena la sukulu ya mishoni likhoza kunyamula masola oti ana aziwerengera madzulo ndi kupopera madzi. Magulu a amayi akhoza kuphunzitsana kuumba mbaula za chitetezo, ndipo mpingo uliwonse ungathe kukhala ndi nkhalango yakeyake. Mutu umodzi susenza denga.

Dzuwa la ku Salima Mulungu adatipatsa kwaulere, ndipo timapsa nalo tonse, olemera ndi osauka. Tikamamva kuti dziko laonjezera mamegawati, tizifunsanso kuti nyumba zingati zakumudzi zayaka, ndipo mitengo ingati yapulumuka.



Nzika yokhudzidwa,
Chipoka, Salima.