Insulini Aliyense Ali ndi Nthawi Yake

Mlimi wodwala matenda a shuga amabaya insulini m'mamawa, kumwa phala pang'ono, n'kunyamula khasu. Dzuwa likafika paliwombo, thukuta lozizira limayamba kutsika, manja n'kumanjenjemera. Anzake amati ndi kutopa, chonsecho shuga watsika kwambiri m'magazi. Mankhwala afika pachimake m'mimba mulibe kanthu.

Ngozi yotereyi imapeweka tikadziwa kuti mitundu ya insulini siyendera nthawi imodzi.

Insulini wachangu, monga Actrapid, amaoneka ngati madzi oyera. Amayamba kugwira ntchito pakatha mphindi 30, amafika pachimake pakati pa maola 2 ndi 4, ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola 6 mpaka 8. N'chifukwa chake amabayidwa kutatsala mphindi 30 kuti munthu adye. Lispro ndi aspart ndi achangu koposa, pakuti amayamba m'mphindi 15 zokha. Wobaya amenewa chakudya chikhale chapsa kale.

Insulini wa NPH, monga Insulatard kapena Protaphane, ndi wotuwa ngati mkaka. Amayamba pakatha ola limodzi kapena awiri, amafika pachimake pakati pa maola 4 ndi 10, ndipo amapitirira maola 12. Wobaya m'mawa asaphonye nkhomaliro. Wobaya madzulo asagone ndi njala. Musanakoke mankhwalawa, gubuduzani botolo pang'onopang'ono pakati pa zikhatho kuti asakanikirane. Palinso wosakaniza wa 30/70, amene waphatikiza wachangu uja ndi NPH m'botolo limodzi.

Glargine amagwira ntchito mofanana kwa maola pafupifupi 24, popanda kukwera kwambiri. Mu 2021 bungwe la WHO lidaika insulini wokhalitsa wamtunduwu pamndandanda wa mankhwala ofunikira. Koma chenjerani: nayenso amaoneka ngati madzi oyera, choncho werengani dzina pabotolo, musadalire maso okha.

Inu alangizi ndi ogwira ntchito m'midzi, mukayendera wodwala mufunseni zinthu zitatu: dzina la insulini wake, nthawi imene amabaya, ndi nthawi imene amadya. Popita kumunda azitenga shuga ndi kamba. Zizindikiro zija zikayamba, amwe madzi osungunuliramo masupuni aang'ono atatu a shuga, kenako adye. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa. Thamangirani naye kuchipatala. Ndipo kusintha mlingo kapena mtundu wa insulini ndi ntchito ya achipatala okha.