Nigel: Phokoso la m'migodi likusoweka m'nyumba zosungiramo mbiri

NIGEL, South Africa - Tauni ya Nigel, yomwe ili kum'mawa kwa Johannesburg m'chigawo cha Ekurhuleni, inakhazikika chifukwa cha golide yemwe anapezeka kumeneko m'zaka za m'ma 1880. Mgodi wa Sub Nigel unatchuka ngati umodzi mwa migodi yolemera zedi m'dzikolo, ndipo kuchokera mu 1957 kampani ya Union Carriage and Wagon inkapanga sitima za pamtunda m'tauniyi.

Zithunzi ndi zitsulo za nthawi imeneyo zilipo. Vuto lomwe oyang'anira nyumba zosungiramo zinthu zakale amakumana nalo ndi la phokoso, pakuti makina oboolera miyala akaikidwa pa chionetsero amangokhala chete, ndipo mlendo sangadziwe zomwe makutu a wogwira ntchito ankapirira tsiku lonse.

Nkhaniyi ikukhudzanso Amalawi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anthu opitirira 100,000 ochokera ku Malawi ankagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe la Wenela. Mu April 1974 ndege ya bungweli inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, zomwe zinachititsa Dr Hastings Kamuzu Banda kuimitsa kaye ulendowu. Kulemba Amalawi ntchito kunatheratu mu 1988, choncho amene anaimva migodiyo ndi makutu awo tsopano ndi okalamba.

Wofufuza angayambire ku International Library of African Music, yomwe Hugh Tracey anaikhazikitsa ku Roodepoort mu 1954 ndipo inasamukira ku Rhodes University mu 1978. Tracey anajambula magule a m'makomboni a migodi, komanso anafika ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950. Koma chidwi chake chinali pa nyimbo. Kuonjezera apo, zipangizo zojambulira za nthawiyo zinali zolemera moti zinkayenda pa galimoto. Motero zomwe zinasungika kwambiri ndi magule a Lamulungu, pomwe ntchito ya pansi pa nthaka ya masiku ena onse simveka. Chionetsero chodalira nyimbo zokhazo chingapereke chithunzi chakuti moyo wa kumgodi unali wa chisangalalo.

Malo ena ofunika ndi National Film, Video and Sound Archives ku Pretoria ndi nkhokwe za wailesi ya SABC. Apa napo pafunika kusamala, popeza mafilimu ambiri akale ankaikidwa mawu pambuyo pojambula, ndipo phokoso lomveka m'filimu likhoza kukhala lisali la mgodi womwe ukuonekawo.

Nthawi nayo ikutha. Mu 2019 bungwe la UNESCO, pamodzi ndi akatswiri osunga mawu a IASA, linachenjeza kuti makina oseweretsera matepi akale akusowa. Komabe pali chitsanzo cholimbikitsa: malamba 591 omwe panajambulidwa mlandu wa Rivonia anasamutsiridwa pa kompyuta mothandizidwa ndi bungwe la INA la ku France. Koma mlandu wa Nelson Mandela umakopa ndalama mosavuta kusiyana ndi phokoso la fakitale.

Ku Ulaya, nyumba zingapo zosungiramo mbiri zinagwirizana pa ntchito yotchedwa Work with Sounds pakati pa 2013 ndi 2015, ndipo zinajambula makina akale omwe ankagwirabe ntchito asanatayidwe. Njirayi ingathandize ku Nigel, komwe fakitale ya Gibela, yotsegulidwa ku Dunnottar mu 2018, inapitiriza mwambo wopanga sitima. Chomwe chajambulidwa lero, cholembedwa bwino tsiku, malo ndi mtundu wa makina, chidzakhala mbiri ya mawa.

Kumbali ya migodi yomwe inatsekedwa, mboni zenizeni ndi anthu. Mkulu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu amene anagwirapo ntchito ku Wenela angamvetsere tepi n'kunena ngati phokosolo ndi loona, angafotokoze mabelu a chikepe ndi malamulo a Chifanakalo omwe akapitao ankafuula. Ambiri mwa iwo phokosolo linawagonthetsa makutu, ena fumbi linawaonongera mapapo, ndipo mgwirizano wa chipukuta misozi cha R5 biliyoni wa mu 2018 unali wokhudza matenda a mapapowo.

Nyumba ngati Workers' Museum ya ku Newtown, yomwe inatsegulidwa mu 2010, zingapindule potumiza ofufuza ku Malawi, Mozambique ndi Lesotho akuluakuluwa adakali moyo, ndi polemba poyera pamene phokoso la pa chionetsero ndi lochita kupanga.