Mphunzitsi wa madokotala akachoka, wodwala wa ku Rivirivi amataya chiyani?

Ophunzira akamachita zionetsero kuti mphunzitsi wawo asachotsedwe ntchito, ambiri timangoti ndi phokoso la ana asukulu. Mu 2011 ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anaima mbali ya Blessings Chinsinga, Jessie Kabwila ndi anzawo awiri omwe anachotsedwa pa mkangano wa ufulu wophunzitsa. Sukuluyo inatsekedwa miyezi ingapo, ndipo anayiwo anabwezeretsedwa pantchito.

Zoterezi zitachitika kusukulu ya madokotala, nkhaniyo ingakhudzenso odwala. Udokotala saphunzira m'kalasi mokha. Ophunzira a ku Kamuzu University of Health Sciences amauphunzira muwodi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ataima pambali pa bedi, katswiri akuwaonetsa kamvetseredwe ka chifuwa cha mwana wa chibayo, kapena zizindikiro za mayi yemwe akutaya magazi ambiri atabereka.

Wolowa m'malo mwa katswiri wotere sapezeka msanga: digiri imatenga zaka 5, kugwira ntchito moyang'aniridwa miyezi 18, ukatswiri zaka zina 4. Zonse pamodzi n'zaka zoposa 10.

Munthu wa ku Rivirivi akadwala amapita kuchipatala cha Balaka kapena cha Machinga ku Liwonde, zikavuta amamutumiza ku Zomba Central. Dokotala yemwe amamupeza kumeneko anasulidwa ndi akatswiri ochepa omwewa.

Choncho akuluakulu a sukulu azimva ophunzira asanalole mphunzitsi kuchoka, pajatu ndi iwo amadziwa yemwe amabweradi muwodi. Koma ngati mlandu wake ukukhudza chitetezo cha odwala, kukondedwa kwake kusaletse kafukufuku.