Agogo akuiwalaiwala? Si ufiti, ndi matenda a ubongo

Mwina munazionapo ku Chinsapo kapena ku Mgona: gogo wapezeka m'mamawa akungoyendayenda, sakudziwa kwawo, anthu n'kumuunjirira kuti ndi mfiti yomwe yagwa usiku. Kawirikawiri amakhala akudwala dementia, matenda omwe amaononga ubongo pang'onopang'ono. Bungwe la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali nawo.

Chimodzi mwa zomwe akatswiri akuunika ndi chitetezo cha m'thupi. Tizilombo tikakulowani, maselo amaitanizana kudzera m'timapuloteni totchedwa ma cytokine, monga IL-6 ndi TNF. Timeneti ndi tomwe timabweretsa kutentha thupi ndi kutupa. Mukachira, kuitanaku kumayenera kusiya. Kukapitirira kwa zaka, maselo oyeretsa ubongo otchedwa microglia amatha kuyamba kuvulaza maselo abwinobwino. Kafukufuku wapeza ma cytokine ochuluka mwa odwala ambiri a Alzheimer, mtundu wofala wa dementia.

Shuga, kunenepa kwambiri, fodya komanso HIV yosamwera mankhwala zimachititsa kuti kutupaku kusathe. BP nayo imaononga mitsempha ya mu ubongo. Choncho kayezetseni pachipatala cha Kawale kapena Area 25, ndipo musadumphitse ma ARV.

Agogo akayamba kuiwala, pitani nawo kuchipatala. Akasokonezeka mwadzidzidzi musachedwe, mwina ndi chibayo kapena matenda a mkodzo, omwe amachizika.

Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu kuyambira 1911. Koma chigulu chikaunjikana, woyamba kuteteza agogowo ndinu.