TIYENDE TIONE: Misewu ya pa Chilumba cha Mull

Mwezi uno tikutengani ulendo wautali kufikira ku Scotland, dziko limene dzina lake si lachilendo m'makutu mwathu. Ana athu ambiri akuphunzira kapena kugwira ntchito ku Britain, ndipo masiku ano sitidabwanso tikamva kuti makolo ena apita kukaona adzukulu ku Glasgow kapena ku Edinburgh. Tchuthi chikafika, mabanja otere amatenga galimoto yahayala nanyamuka kukaona zilumba za kuzambwe kwa dzikolo. Chimodzi mwa zilumbazo ndi Mull. Tasankha chimenechi chifukwa misewu yake njokongola zedi, komanso chifukwa ndi misewu yomwe silola munthu waphuma.

Mull nchilumba chachikulu ndithu, moti Likoma angakwanemo koposa ka 40, koma anthu okhalapo ndi pafupifupi 3,000 okha. Alendo ambiri amabwereka galimoto ku Glasgow, nayenda maola ngati atatu kudzera m'mbali mwa Loch Lomond mpaka pa doko la Oban. Mawu akuti Loch mudzawaona kaŵirikaŵiri pa zikwangwani: amatanthauza nyanja, kapena dzanja la nyanja yamchere loloŵerera kumtunda. Pa Oban galimoto imakwera sitima ya kampani ya Caledonian MacBrayne, ndipo ola lisanakwane muli pa Craignure, mutadutsa linga lakale la Duart, likulu la fuko la Maclean. M'miyezi ya June, July ndi August malo a magalimoto m'sitimamo amatha msanga, choncho nkofunika kulembetseratu. Amene wachedwa angazungulire ku Lochaline, kumene kasitima kakang'ono kamawolotsera ku Fishnish popanda kulembetsa.

Za hayala sitichulukitsa mawu. Kumeneko amayendetsa kumanzere monga kwathu kuno, ndipo mlendo amaloledwa kuyendetsa galimoto yaing'ono ndi laisensi ya kwawo kwa miyezi 12. Makampani ambiri amalipiritsa ndalama zoonjezera ngati woyendetsa sadakwane zaka 25. Inu achinyamata mudziŵiretu zimenezi. Musanasaine pepala, zungulirani galimotoyo pamodzi ndi mwini ntchito, muonetsetse kuti pokalika paliponse palembedwa, ndipo mufunse kuti mudzalipira zingati inuyo ngati itaonongeka. Mafuta thirani musanachoke m'tauni, pakuti pa Mull malo ogulitsira mafuta ngoŵerengeka.

Tsopano tifike pa nkhani yeniyeni. Misewu yambiri ya pa chilumbachi njatala yabwinobwino, koma m'lifupi mwake mumangokwana galimoto imodzi. Nanga aŵiri akakumana amatani? M'mbali mwa msewu, patalipatali pang'ono, adakonza timalo topatukirapo, ndipo pamtengo pamakhala kachikwangwani kosonyeza malowo. Mukaona mnzanu akubwera, amene ali pafupi ndi malo opatukirawo ndiye amaima. Ngati malowo ali kumanzere kwanu, mumaloŵamo. Ngati ali kumanja, simuwolokerako ayi, koma mumaima moyang'anana nawo, kuti mnzanuyo akhotemo nadutsa. Apa mpamene alendo ambiri amasokonezeka: amathamangira kumanja poganiza kuti akuchita ulemu, osadziŵa kuti aloŵa m'njira ya mnzawo. Mukakumana pakati, wina ayenera kubwerera chambuyo, ndipo pa chitunda wotsika ndiye amapatsa mpata wokwera. Banja lisankhe woyendetsa amene saopa kubwerera m'mbuyo pamsewu wokhotakhota, mbali ina kuli thanthwe, mbali ina kuli madzi.

Pali lamulo lina limene ife tikuliona kuti nlofunika kuposa onse. Malo opatukirawo ngoperekeranso mpata kwa amene akubwera m'mbuyo mwanu. Inu muli pa tchuthi, maso ali kumapiri. Amene ali pambuyoyo kapena ndi namwino wopita kwa wodwala, kapena ndi mlimi wothamangira sitima. Palibe chimene chimakwiyitsa eni chilumba ngati mlendo woyenda pang'onopang'ono atakoka mndandanda wa magalimoto osafuna kupatuka. Ndiponso malowo si oimikapo galimoto kuti mujambule zithunzi kapena mudye kamba. Mnzanu akakuimirani, mumakweza dzanja pothokoza. Kwa ife Amalaŵi, amene sitidutsana panjira osapatsana moni, mwambo umenewu ngosavuta. Tingati tidaphunzira kale.

Chifukwa cha zonsezi, mapu amanamiza. Munthu amaŵerenga mamailosi 30 naganiza kuti ndi ulendo wa theka la ola, koma pa Mull mtunda wotere ungadye ola lathunthu, nkhosa zisanaŵerengedwe. Nkhosazo zimagona pa tala penipeni, ndipo ng'ombe za kumeneko, za ubweya wautali wophimba maso, zimayang'ana galimoto ngati kuti ndiyo yalakwa. Alipo amene amayesa kuzungulira chilumba chonse tsiku limodzi kuti akagone ku Oban. Ife sitikuvomereza. Masiku atatu ndiwo oyenera, ndipo amene ali ndi aŵiri okha asankhe njira ziŵiri, zinazo azisiye.

Tsiku loyamba nlopepuka: kuchoka pa Craignure kudzera pa Salen kufika ku Tobermory, mamailosi 21 m'mbali mwa nyanja. Tobermory ndiye tauni yaikulu ya chilumbachi. Adaimanga mu 1788 kuti ikhale doko la asodzi, ndipo nyumba zake zam'mbali mwa doko, zopakidwa utoto wofiira, wachikasu ndi wobiriŵira, nzimene zimaoneka pa zithunzi zambiri za Mull. Gonani pamenepo.

Njira imene tikufuna muisunge mumtima ndi B8073, yochoka ku Tobermory kuloŵera kuzambwe. Imakwera ndi kutsika mokhotakhota mpaka pa mudzi wa Dervaig, pamene pali tchalitchi cha nsanja yozungulira yosongoka ngati pensulo. Patsogolo pake pali Calgary, gombe la mchenga woyera mbee, limene lingakukumbutseni kwathu kunyanja kufikira mutaviika phazi m'madzi mwake. Mzinda waukulu wa Calgary ku Canada udatenga dzina lake pamalo aang'ono ameneŵa mu 1876. Kuchoka apo msewu umakwera phiri, ndipo mukatulukira mbali inayo nyanja imatambasuka pamaso panu, zilumba zili mbwee. Muyang'anenso kumwamba. Kumeneko kuli mbalame yachibale ndi nkhwazi yathu, ya mchira woyera, imene mapiko ake akatambasuka amapitirira mamita aŵiri. Idaatheratu m'dziko lonselo, koma adaibwezeretsa kuchokera ku Norway kuyambira mu 1975, ndipo mu 1985 mwana woyamba adauluka kuchoka m'chisa pa Mull pomwepa.

Chilumba chimene chidzakhale pafupi nanu, kutsidya kwa kamadzi kopapatiza, ndi Ulva. Apa imikani galimoto, pakuti kutsidyako sikupita magalimoto a alendo. Kuti muitane bwato mumakankha kathabwa pakhoma kuti paoneke pofiira, ndipo mwini bwato akaona amabwera. Kuwoloka nkwa mphindi zochepa chabe. Koma mufunsiretu masiku ake, poti bwatolo siliyenda tsiku lililonse.

Chifukwa chiyani tikuti muime? Pa Ulva mpamene padachokera makolo a David Livingstone. Agogo ake, a Neil Livingstone, adasamuka pamenepo mu 1792 atalephera kudyetsa banja lawo ndi kamunda kochepa, napita kukagwira ntchito pa fakitale ya thonje ku Blantyre, pafupi ndi Glasgow. Kumeneko nkumene David adabadwira mu 1813, ndipo dzina la mudzi umenewo nlimene lidapatsidwa kwa Blantyre wathuyu mu 1876. Iye mwini adakaona Ulva mu 1864. Choncho mwana wobadwira ku Ndirande kapena ku Chilomoni akaima pa gombe limenelo, waima pa chiyambi cha ulendo umene udabweretsa dzina la mzinda wake.

Koma pali china chimene chithunzi sichinena. Mlendo akaona mapiri opanda nyumba, zii, amati Mulungu adalenga malowo choncho. Si choncho ayi. M'zaka za m'ma 1830 pa Ulva pankakhala anthu oposa 500, m'midzi yambiri. Ankalima mbatatesi, kuŵeta ng'ombe ndi kuwotcha ndere za m'nyanja, zimene phulusa lake linkagulitsidwa kwa opanga sopo ndi magalasi. Mtengo wa phulusalo utagwa, ndipo mbatatesi zitagwidwa matenda mu 1846, mwini chilumba, Francis William Clark, amene adachigula mu 1835, adathamangitsa anthu ambiri naika nkhosa m'malo mwawo. Zoterezi zidachitika m'madera ambiri a kumapiri ndi kuzilumba za Scotland, ndipo nchifukwa chake maina a kumeneko mumawapeza ku Canada ndi ku Australia. Makoma a miyala opanda madenga amene mudzaone m'thengo ndi mabwinja a anthu amenewo. Makolo, muŵaonetse ana anu, muŵauze kuti apa padali khomo, apa padali pophikira. Ife amene tikudziŵa nkhani ya thangata, ndi ya malo a ku Thyolo ndi ku Mulanje, sitisoŵa wotimasulira. Pofika mu 2018 pa Ulva padatsala anthu osakwana 10. M'chaka chimenecho bungwe la anthu a m'deralo lidagula chilumbacho, mothandizidwa ndi boma la Scotland, kuti likonzenso nyumba ndi kuitana mabanja ena adzakhalepo.

Mukabwerera ku galimoto, pitirizani mpaka pa Gruline, mukhotere mu B8035. Msewu umenewu umayenda m'mbali mwa Loch na Keal, m'tsinde mwa Ben More, phiri lalitali kuposa onse pa Mull, mamita 966. Kwa odziŵa Sapitwa si phiri loti nkudzitama nalo, koma limanyamuka pa madzi penipeni, choncho limaoneka lalikulu. Pa Gribun msewu umapanikizika pakati pa matanthwe ataliatali ndi nyanja. Ndi malo okongola koposa pa ulendo wonse, koma woyendetsa asaŵaone. Maso ake akhale pa tala, ena onse ayang'ane m'malo mwake. Mvula ikakhala yamphamvu miyala imagwa kuchokera kumwamba, ndipo tsiku lotere nkwabwino kudzera njira ina.

Tsiku lotsiriza nla Iona. Kuchoka pa Craignure kufika pa Fionnphort ndi mamailosi 37 pa msewu wa A849, kudutsa m'chigwa cha Glen More, ndipo muyembekeze kuyenda koposa ola limodzi. Mabasi aakulu a alendo amadzera momwemo, choncho nyamukani m'mamaŵa. Tengani malaya a mvula ngakhale kunja kutacha bwino, ndi mankhwala odzola othamangitsa tizilombo ting'onoting'ono toluma, timene timatuluka madzulo mphepo ikaleka.

Pa Fionnphort galimoto imatsalanso, chifukwa alendo saloledwa kupita nazo pa Iona popanda chilolezo chapadera. Sitima imawoloka kwa mphindi 10. Pa kachilumba kameneka, kotalika mamailosi atatu okha, mpamene Columba adafika mu 563 kuchokera ku Ireland, ndipo Uthenga Wabwino udafalikira m'madera ambiri a Scotland kuchokera pamenepo. Nyumba ya mapemphero yakale idakonzedwanso, ndipo gulu la Iona Community, limene Mbusa George MacLeod adayambitsa mu 1938, limachititsamo mapemphero. Kuchoka pa doko kukafika kumeneko ndi ulendo wapansi wa mphindi ngati 15, woti ngakhale agogo angauthe. Musanayambe kuyenda, ŵerengani pa chikwangwani nthaŵi ya sitima yomaliza. M'mwezi wa June dzuŵa limaloŵa 10 koloko usiku itakwana, ndipo munthu wozoloŵera kuona nthaŵi pa dzuŵa angadzidzimuke sitima itapita kale, galimoto ili kutsidya.