NZERU ZA NCHITO: Diso la Kamera Loyenera Nkhope ya Munthu

Mbeu zikagulitsidwa, ndalama za nshawa, soya ndi thonje nkulowa m'nyumba, mabanja ambiri a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi amakhala pansi kukambirana za mwana amene anatsiriza sukulu koma nchito sanaipeze. Ena amamgulira njinga yamoto, ena makina osokera, ndipo masiku ano alipo amene amamgulira kamera kuti azijambula anthu pa zikwati, pa ubatizo ndi pa masiku otsiriza maphunziro. Nchito imeneyi phindu irinalo, pakuti ngakhale mafoni acuruka, munthu akafuna cithunzi copacika pa cipupa ca nyumba yake amaitanabe katswiri.

Koma ndalama za caka cathunthu zingathe kutayika m'sitolo imodzi ya ku Lusaka. Mnyamata akalowamo, maso ake amathamangira ku galasi lalitali longa munsi, poganiza kuti anthu a kumudzi adzamlemekeza akamuona alinalo pakhosi. Saganizira kuti galasi la kutsogolo kwa kamera, limene ojambula amalicha lenzi, liri ndi mitundu yambiri, ndi kuti mtundu woyenera nkhope ya munthu nthawi zambiri ndi waung'ono ndiponso wochipa.

Pa lenzi iri yonse pamalembedwa manambala a mitundu iwiri. Woyamba ndi wa mamilimita. Lenzi ya nambala yaing'ono, monga 18 kapena 24, imaona malo otakata, kotero kuti wojambula amakakamizika kusendera pafupi kwambiri kuti nkhope idzaze cithunzi. Apa ndi pamene pagona vuto. Cinthu cimene ciri pafupi cimaoneka cacikulu kuposa cimene ciri patali, ndipo munthu akajambulidwa pa mtunda wa mkono umodzi mphuno yake imafufuma, mphumi imakula, makutu nkubwerera kumbuyo. Ndico cifukwa cake acinyamata amadandaula ndi zithunzi zodzijambula okha, pakuti kamera za mafoni ambiri zimaona motakata ngati lenzi ya mamilimita 24 kufikira 28. Lenzi ya mamilimita 80 kapena 85 imalola wojambula kuima pa mtunda wa mamita awiri kapena atatu, ndipo pa mtunda umenewo nkhope imatuluka monga momwe abale ndi anansi amaidziwira.

Mtundu waciwiri wa manambala umatsatira cilembo ca f, ndipo umanena za kukula kwa kabowo kolowera kuwala. Apa zinthu zimayenda cam'mbuyo: nambala ikacepa, kabowo kamakula. Lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala kocuruka pafupifupi kakhumi kuposa ya f/5.6. Amene anayesapo kujambula mkwati ndi mkwatibwi m'chalichi ca kumudzi, ca mazenera ang'onoang'ono ndiponso copanda magetsi, akudziwa kufunika kwake. Kabowo kakakulu kalinso ndi ubwino wina, wakuti kamasungunula zonse za kumbuyo kwa munthu. Nkhokwe, khola la nkhumba ndi zobvala zoyanika pa cingwe zimasanduka cifunga, nkutsala nkhope yokha yooneka bwino. Nzeru imeneyi si ya lero. M'caka ca 1840 katswiri wa masamu Joseph Petzval, wa ku Vienna, anakonza lenzi yolowetsa kuwala kwambiri, ndipo inathandiza kuti anthu aleke kukhala nthawi yaitali osagwedezeka podikira kuti cithunzi cigwire.

Tsono banja limene ndalama zathera pa kamera yeniyeniyo lisade nkhawa. Makamera ambiri a oyamba kumene amabwera ndi lenzi ya mamilimita 18 mpaka 55. Wojambula aizungulize kufikira pa 55, abwerere m'mbuyo, amuimike munthuyo pa mthunzi wa mtengo wa mango, patali ndi cipupa, osati pa dzuwa la masana limene limaika mdima m'maso. Zithunzi zotere zimagulika, ndipo zingasonkhanitse ndalama za lenzi yaciwiri.

Lenzi yaciwiriyo, mosakayika, ikhale ya mamilimita 50 ya f/1.8. Pa malenzi onse opangidwa ndi makampani ochuka, iyi iri m'gulu la ochipa zedi. Ya Canon ya zilembo za STM inatuluka m'caka ca 2015 pa mtengo wa madola a ku America pafupifupi 125, ndipo imalemera magalamu 160 okha. Ya Nikon ya zilembo za AF-S ndi G inatuluka mu 2011 pa madola pafupifupi 220. Mitengo yalembedwa m'madola cifukwa ya Kwacha imasintha malinga ndi msika ndi msonkho. Cimene cimaikometsa lenzi imeneyi ndi cakuti makamera ochipa, monga Canon 2000D kapena Nikon D3500, ali ndi kacipangizo kolandira cithunzi kocepa kuposa ka makamera odula. Pa makamera otere lenzi ya 50 imaona ngati ya 80 pa Canon, ndi ngati ya 75 pa Nikon, umene uli muyeso womwe uja woyenera nkhope. Mwana wa mlimi amapeza ndi ndalama zocepa cimene ena amacifuna ndi ndalama zambiri.

Komabe pali misampha. Lenzi ya Canon silowa pa kamera ya Nikon, ndipo ngakhale m'nyumba imodzi muli kusiyana: cicokere 2018 makampani awiriwa anayamba kupanga makamera atsopano a kamwa lina, ochedwa RF kwa Canon ndi Z kwa Nikon, amene amafuna kolumikizira kuti alandire malenzi akale. Msampha woopsa kwambiri uli pa Nikon. Ilipo lenzi yakale ya 50 ya cilembo ca D, yochipa ndi yokopa, koma pa makamera a mtundu wa D3000 ndi D5000 ndi ana ao onse siitha kudzilunjika yokha, cifukwa makamerawo alibe kainjini koizungulizira. Wogula amafika kumudzi nkupeza kuti cithunzi ciri conse afunika kucilunjika ndi zala, pamene mkwatibwi akubvina osadikira munthu. Ilipo ina ya kampani ya Yongnuo ya ku China, yotsika mtengo kuposa zonsezi; imajambula ndithu, ngakhale kuti ojambula ambiri saikhulupirira pa za kulimba.

Lenzi ya 50 irinso ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwanena poyera. Siisendeza cinthu pafupi kapena kutali. Miyendo ya wojambula ndiyo imagwira nchito imeneyo. M'cipinda caching'ono siikwanitsa kutenga banja lonse, cifukwa cake lenzi yoyamba ija ya 18 mpaka 55 isagulitsidwe. Ndiponso kabowo kakatsegulidwa konse pa f/1.8, malo ooneka bwino amacepa kwambiri, mwakuti nsonga ya mphuno ingaoneke bwino maso ali mbuu. Wojambula alunjike pa diso la munthu limene liri pafupi ndi kamera, ndipo pa munthu mmodzi f/2.8 ndi yosabvuta. Pa anthu oima mizere iwiri kapena itatu, monga a kwaya kapena a cigwirizano ca amai, aike f/5.6 kapena f/8, kuopa kuti agogo a mzere wa kumbuyo angatuluke ngati mzukwa. Makolo salipira cithunzi cotere, ndipo mbiri yake imafika midzi itatu dzuwa lisanalowe.

Nchito ikakula, wojambula angaganizire za lenzi ya mamilimita 85 ya f/1.8, imene mtengo wake umaposa wa 50 kawiri kapena katatu. Pa makamera ochipa aja imaona ngati ya 130 kapena kupitirira pang'ono, kotero imafuna bwalo. Imathandiza pa misonkhano monga mwambo wa Kulamba ku Mkaika, pa Loweruka lotsiriza la mwezi wa Ogasiti, pamene mafumu a Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo khamu sililola munthu kusendera. Kuima patali sikucotsa ulemu: mfumu, anamwali ndi Gule Wamkulu sajambulidwa popanda cilolezo ca eni mwambo.

Za lenzi yaikulu ya 70 mpaka 200 ya f/2.8 sipafunika mau ambiri. Ndi yabwino kopambana, koma ya Canon imene inatuluka mu 2018 inagulidwa madola oposa 2,000, ndalama zokwana malenzi a 50 oposa 15, ndipo imalemera pafupifupi kilo imodzi ndi theka. Ndi ya munthu amene zikwati zimamdikira Loweruka liri lonse. Imene imanyenga oyamba kumene ndi inzake yofanana nayo kutalika, ya 75 mpaka 300 ya f/4 mpaka f/5.6, yochipa ndithu koma yosowa kuwala. Pa bwalo la mpira masana imagwira nchito. M'chalichi imangolemetsa khosi.

Ambiri adzagula malenzi amene anagwirapo kale nchito, ndipo palibe coipa pamenepo ngati wogula wacenjera. Apite ndi kamera yake. Aunike m'kati mwa galasi ndi toci ya foni: tifumbi tocepa sitiononga cithunzi, koma timizere tonga ukonde wa kangaude ndi nkhungu, imene imamera m'nyengo ya mvula lenzi ikasungidwa m'cikwama ca cinyezi, ndipo ikakhalitsa imadya galasi. Aigwedeze pang'ono kuti amve ngati muli colira. Kenaka aibveke pa kamera, atsegule kabowo konse, amjambule wogulitsa yemweyo pa mtunda wa mamita awiri, nkukulitsa cithunzico pa diso. Nsidze zikaoneka imodzi imodzi, alipire ndi kutenga lisiti lolembedwa nambala ya lenziyo.